Khomo la a Fabiano Loyang'ana Kwawo

Chiperoni chikamafika ku Thyolo sichiodira. Chimabwera mu Juni kuchokera kum'mawa chakumwera, nkhungu patsogolo, mvula yamawawa pambuyo, ndipo pamatha masiku anayi kapena asanu dzuwa osaoneka. Chimafuna nkhuni zouma, denga lochindikala ndi khoma lopanda ming'alu. Wosowa chimodzi mwa izi amachimvera m'mafupa.

A Fabiano denga anali nalo, khoma analinso nalo. Pa esiteti yonse ya tiyi panalibe munthu womata nyumba kuposa iwo. Ankakumba dothi la pachulu, n'kulisakaniza ndi udzu wodula tizidutswa, n'kuliponda mpaka ligwirane. Ankamata kawiri, mkati ndi kunja. Nyumba imene amata iwo inkasunga moto wamadzulo mpaka m'mawa. Koma yawo inali yozizira kuposa zonse pamtunda paja, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake.

Anafika mu 1912 kuchokera kutsidya kwa Ruo, dziko la Apwitikizi, kuthawa ntchito yokakamiza. Anabwera ndi akazi awo a Anesi, mphasa imodzi ndi nkhwangwa. Mlongo wawo Teleza anatsala, chifukwa anali ndi mwana wa masiku ochepa. Potsanzikana a Fabiano anamuuza kuti, "Ukadzawoloka, udzafune nyumba ya khomo loyang'ana kuno. Imeneyo ndi yanga."

Mwini esiteti anawapatsa malo m'mphepete mwa munda wa tiyi, posinthana ndi thangata, ntchito yogwirira mwini nthaka. Anthu omwe anawapeza kale pamenepo anawaona akuzika nsichi, nawachenjeza kuti khomo sililoza kumene kumachokera chiperoni. A Fabiano anathokoza, n'kusiya khomolo pomwe analiika. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha, ndipo kamphepo kolowa pakhomopo kankakoma.

Zaka zoyamba nkhuni zinalipo, choncho kuzizirako ankakugonjetsa ndi moto. Kenako nkhalango inagwetsedwa, tiyi n'kudzalidwa mpaka kumtsinje. Mitengo yotsala inali bulugama wa esiteti, wosungira moto woumitsira tiyi ku fakitale. A Anesi anayamba kutola zitsononkho ndi mapesi. Moto wa mapesi umalilima kamodzi n'kusanduka phulusa, ndipo kakutentha kochepako mphepo inkakasesa ikangolowa pansi pa chitseko.

Mu Juni wa 1923 a Anesi anayamba chifuwa. Chinali chouma, chochokera pansi, ndipo akatsokomola ankagwira nsichi. A Fabiano analuka chitseko cha bango cha mizere iwiri. Mphepo inalowa m'mbali. Anapachika mphasa mkati, mphasayo inkangokupiza. Anamanga mpanda wa udzu kutsogolo kwa khomo, koma a Amosi, kapitawo woyang'anira gulu lawo, analamula kuti uchoke, poti udzu wouma pafupi ndi tiyi umaitana moto.

Tsiku lina m'mawa, gulu likudulira tiyi mu nkhungu, a Fabiano anavula chipewa pamaso pa a Amosi.

"Akapitawo, ndikupempha nthambi za bulugama. Zogwa zokha."

"Yogwa, yoimirira, zonse n'za fakitale. Tiyi akapanda kuuma ndikanene chiyani kwa mzungu? Ndikati a Fabiano akuwotha?"

"Mayi kunyumba akutsokomola."

"Pamtunda ponse pano ndani sakutsokomola?" A Amosi anakoka mphuno, n'kutsitsa mawu. "Achimwene, inu ndi amene munamata nyumba yanga. Ana anga amagona osafunda. Yanuyo mphepo mumaitsegulira ngati ndi apongozi. Tembenuzani khomo lija."

Anthu apafupi anaseka. A Fabiano anavala chipewa n'kubwerera pamzere wawo. Tsiku limenelo anadulira tiyi mwaukali, nthambi zina kuzidula pansi kwambiri, ndipo a Amosi anaona koma anangopitirira.

Ataweruka anapeza a Anesi atakhala pafupi ndi phulusa, atadzikulunga nsalu ziwiri. Kwa zaka khumi ndi chimodzi a Anesi sanatchulepo za khomolo. Tsiku limeneli analankhula, m'Chilomwe, monga ankachitira nkhani ikakhala yolemera.

"Bambo, alamu angawo akadzabwera, pakamwa ali napo. Adzafunsa anthu."

"Ndinalonjeza."

"Ndinalipo, ndinamva. Koma chilowereni m'nyumba muno, walowa pakhomo apa kuchokera kwanu ndi chiperoni basi." Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Kapena mukufuna adzapeze khomo lili bwino, mkati muli inu nokha?"

A Fabiano anatuluka, n'kuima pakhonde kuyang'ana kum'mawa. Kunalibe choona. Nkhungu inali itameza ngakhale mzere woyamba wa tiyi.

Kuvomera mumtima kutembenuza khomolo kunali kosavuta poyerekeza ndi ntchitoyo. Masiku asanu ndi limodzi anali a esiteti. Lamulungu loyamba, atabwera kutchalitchi, anakumba dothi n'kuliponda, koma mawawa sanaleke. Anayesa kumata kachigawo pakhoma kuti aone ngati ligwira. Pofika m'mawa linali litatsetsereka lonse n'kuunjikana pansi ngati phala. Munthu amene anamata nyumba za theka la mtunda uja anaima akuyang'ana matope ake, n'kuwaponda ndi chidendene. Kuboola khomo latsopano lakale lisanatsekedwe kukanapatsa mphepo njira yolowera ndi yotulukira, ndiye anayenera kudikira tsiku louma loti zonse zithe kamodzi.

Sabata imeneyo dzuwa linawala Lachitatu ndi Lachinayi, iwo ali m'munda wa tiyi, mpeni m'manja. Lachisanu nkhungu inabwerera. A Anesi analeka kupita kumtsinje, ndipo madzi ankawatungira ndi akazi a a Amosi.

Lamulungu lachitatu kunacha koyera, udzu uli ndi mame ozizira. A Fabiano sanapite kutchalitchi. Anatulutsa a Anesi n'kuwakhazika pamphasa, padzuwa, kuseri kwa nyumba. Anagumula dothi pakhoma la kumadzulo, n'kudula nsichi zitatu ndi nkhwangwa imene anabwera nayo kuchokera kwawo. Pamwamba anapingasa mtengo kuti denga lisatsike. Anamasula chitseko cha bango, n'kuzungulira nacho nyumba, n'kuchimangirira pamalo atsopano.

Nsichi zitatu zija anazizika pakhomo lakale. Anamanga mbariro ndi luzi, mfundo iliyonse kuikoka ndi mano. Kenako anayamba kuponya dothi, kuyambira pansi, chibumi pamwamba pa chinzake, kukanikiza ndi zala kuti lilowe pakati pa mitengo. Mkati anamaliza dzuwa lili paliwombo. Kunja anamaliza litapendeka. Ananyowetsa chikhatho m'chikho cha madzi, n'kusalaza dothi latsopano ndi lakale mpaka malire ake sanaonekenso.