Phulusa m'machubu a Madamu Zimba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zoikapo makandulo za kutchalitchi. Loweluka lililonse azimayi a mphakati wathu tinkakolopa tchalitchi ndi kupukuta ziwiya za paguwa. Ine ndinkathamangila zoikapo makandulo, chifukwa ntchito yake ndi ya pakona, palibe wokulankhulitsa. Ndinkazikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kuwala. Tsiku lina Sisita Agnesi, mkulu wa sukulu ya sekondale ya atsikana ya pamishoni, anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Mwawuka uli, a NyaMtonga? Kodi galasi mungatsuke osaswa?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekela Giledi 5 kwathu ku Chikomeni, ndipo Chizungu sindichidziwa.

"Za Chizungu sindinafunse," anatelo Sisita. "Mubwele Lolemba. Tikuyesani miyezi itatu."

Mwana wanga Tiwonge anali ndi chaka ndi theka. Mlamu wanga wogulitsa tomato kumsika anavomela kumakhala naye, ine n'kuyamba ntchito mu labu, chipinda chophunzilila sayansi.

Ondiyang'anila anali Madamu Zimba. Aphunzitsi anali ochepa, ndiye iwo ankaphunzitsa sayansi ndi masamu kumakalasi apamwamba, kuwonjezela Chizungu ku Giledi 8. Ankayenda mothamanga, choko mpaka m'tsitsi. Tsiku loyamba anamata timapepala pamashelefu, pokhala chithunzi ndi dzina la chiwiya: bika, fulasiki, fanelo, pipeti, buleti, ndi timachubu tagalasi tokhala ngati chala. Katsukidwe kake anandionetsa kamodzi kokha. Sopo wamadzi ndi kabulashi ka chigwililo chawaya, kutsukuluza kawili ndi madzi a pampopi, kachitatu ndi madzi otcheza, kenako kuzondotsa pathandala kuti ziume zokha. Nsalu ayi. Madzi otchezawo ankachokela mu kamakina kapakona, kodontha pang'onopang'ono tsiku lonse.

"Kachasu wa madzi uyu," anatelo Madamu, "koma Sisita asamve."

Ntchitoyo ndinaikonda msanga. Atsikana ankanditcha Anti. Pophunzila ndinkakhala pampando wakumbuyo ngati ndikupukuta kanthu, makutu ali kutsogolo. Tsiku lina atsikanawo anandikoka dzanja kuti ndisuzumile mu maikulosikopu, ndipo ndinaona khungu la anyezi litasanduka khoma la njelwa. Ndinafuula osadziwa, kalasi lonse n'kufa nako kuseka. Belu la Anjelusi likalila masana tinkaima tonse, ngakhale wina atagwila pipeti, ndipo tikatha pemphelo ndinkathamangila kumsika kukayamwitsa.

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija inakumana ndi mayeso oyeselela a Giledi 12. Lachisanu Madamu anakwela minibasi kupita kumsonkhano ku Chipata, atandisiyila machubu odzaza mabeseni awili kuti akhale okonzeka pofika Lolemba. Machubuwo anali ndi madontho ofiilila otsala pa phunzilo lapitalo. Sopo anatha ndisanafike pakati, kiyi wa kusitolo yosungila katundu wa pasukulu ali m'chikwama cha Madamu. Mpopi nawo unali utauma kuyambila m'mawa, madzi ndinali nawo a ndowa imodzi ya kuchitsime. Kupita ku ofesi kukapempha kiyi wina kwa Sisita kunandikulila. Masana ndinadutsila kunyumba, n'kutapa phulusa la zitsononkho m'kapepala.

Machubuwo anawala kuposa masiku onse. Ndinawatsukuluza kamodzi, chifukwa madzi anali ochepa, ndipo madzi otcheza ndinawasunga kuti asathe mayeso asanachitike. Ndinabwelela kunyumba ndikuyimba.

Lolemba atsikana analowa ndi makoti awo oyela, aliyense pamalo pake. Patebulo lililonse panali mabotolo atatu, A, B ndi C, onse ooneka ngati madzi. Limodzi linali madzi enieni, lina asidi, lina alikali. Mtsikana ankayenela kuthila pang'ono m'chubu, kudonthezamo mankhwala otchedwa indiketa, amene amasanduka pinki akakumana ndi alikali yekha, n'kulemba botolo lake. Sisita Agnesi anaima pakhomo ndi kabuku kawo.

Sipanapite nthawi, mtsikana wina dzina lake Towela anakweza dzanja.

"Madamu, kwa ine A ndi C zonse zafiila."

"Wasakaniza iwe, manja ako a vitumbuwa," ananong'ona mnzake. Koma atayang'ana machubu ake, nayenso anakweza dzanja. Manja anakwela chipinda chonse.

Madamu anaganiza kuti asokoneza mabotolo okha, poti anawadzaza m'mamawa ndi kutopa kwa ulendo. Anatunga madzi otcheza atsopano kumakina, kuthila m'chubu chochokela pathandala, kudontheza indiketa. Pinki. Anatenga chubu china. Pinki. Ananunkhiza kabotolo ka indiketa, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina kawonongeka. Kanali komweko, kena kunalibe, ndipo kukagula kunali ku Chipata.

"Madamu," anatelo Sisita, "simunayese zinthu zanu musanalowetse ana?"

Madamu anangoima, atagwila chubu, atsikana onse akuwayang'ana.

Ine za alikali sindinkazidziwa bwino. Chimene ndinkadziwa n'chakuti chinthu chachilendo chimene chinalowa m'chipindamo chinali chimodzi, ndipo ndinachibweletsa ndine. Ndinatenga chubu pathandala, kuchiyang'anitsa kuwindo, ndipo pansi pake ndinaona kautoto koyela kopyapyala. Ndikanatha kungokhala chete, mayeso n'kulepheleka, mlandu n'kugwela kabotolo kaja ndi Madamu, ine Lachisanu n'kulembedwa ntchito. Ndinaganiza za Tiwonge. Kenako ndinangoona ndili kutsogolo, manja kumbuyo ngati mwana wa Giledi 1.

"Madamu, ndine. Ndinatsuka ndi phulusa."

"Mwati chiyani, Anti?"

"Phulusa. Sopo anatha."

Madamu anatenga bika ya m'kabati imene sindinaigwile Lachisanu, kuthilamo madzi, kudontheza indiketa. Madzi anakhala oyela mbee. Anandifunsa ngati phulusa linatsalako, ndipo ndinawapatsa kapepala kaja, kamene kanali kakadali pansi pa sinki. Anawazamo kachitsine kamodzi, bika yonse n'kusanduka pinki ngati dilesi la ukwati. Madamu anayamba kuseka, mpaka kugwila tebulo.

"Atsikana, miyezi iwili ndakhala ndikukuuzani kuti phulusa ndi alikali, inu kungondiyang'ana ngati mbuzi. Anti akuphunzitsani kamodzi!"

Atsikana anavula makoti, kutenga ndowa, kupanga mzele mpaka kuchitsime. Tinatsukuluza chubu chilichonse katatu, Madamu akuyesa chimodzichimodzi. Mayeso anayamba titatha Anjelusi ndipo anayenda bwino. Tsiku limenelo Tiwonge anayamwa mochedwa, mlamu wanga n'kundikalipila pamaso pa ogula tomato.

Atatuluka atsikana, Sisita anandiitanitsa ku ofesi pamodzi ndi Madamu. Ndinagwada pakhomo, ndikudziwa kuti ntchito yatha.

"Dzukani, a NyaMtonga. Mwatichedwetsa theka la tsiku chifukwa choopa kugogoda chitseko ichi. Chimaluma?"

Ndinati ayi.

"Koma mwalankhula pamene aliyense sakanadziwa. Ntchito ndi yanu. Phulusa lokhalo muzilisiya kunyumba."

"Pepani Sisita," anatelo Madamu, "Lachinayi alibweletse. Giledi 10 ikulifuna."

Panjila Madamu anandifunsa ngati ndimadziwa kupanga chidulo, madzi a phulusa aja timafewetsela delele ndi chibwabwa, masamba a maungu. Ndinaseka, poti ndani wakumudzi sadziwa? Lachinayi ndinabwela ndi chitini choboola pansi, udzu wouma ndi phulusa la makoko a nshawa, mtedza uja. Ndinkayesa ndingowapatsa Madamu, koma iwo anakakhala pampando wanga wakumbuyo. Ndinangoyamba ndi manja: udzu pansi pa chitini, phulusa pamwamba, kutsindila pang'ono, madzi pang'onopang'ono, mbale pansi. Madontho atayamba kugwa, mafunso nawo anayamba. Chifukwa chiyani udzu? Mumadziwa bwanji kuti chakwana? Ndinati timalawa kunsonga kwa lilime, chikaluma ndiye chakwana. Madamu anadumpha n'kunena kuti m'chipinda muno palibe kulawa, tiyesa ndi indiketa. Atsikana a m'tauni anadabwa kuti ndiwo zimene amadya zimaphikidwa ndi alikali. A kumidzi, amene poyamba ankachita ngati chitinicho sakuchidziwa, anayamba kukangana kuti phulusa lamphamvu ndi liti, la nshawa kapena la zitsononkho.

Madamu sataya kanthu. Makapu amene ndinayezela madzi ndi phulusa anawasandutsa funso la masamu, ndipo ana a Giledi 8 anawapatsa kuti alembe m'Chizungu kapangidwe ka chidulo, akafunse amayi awo patchuthi.

Pano ndili chaka chachinayi pasukulupo. Manyazi sanathe, pamsonkhano wa antchito ndimakhalabe kumbuyo. Koma chinthu chikatha, chikasweka, kapena ndikachita mwina mosiyana ndi mmene anandionetsela, ndimanena nthawi yomweyo, ana asanalowe. Ndinaona kuti kunenako kumawawa kamphindi chabe. Ndipo chaka chilichonse Giledi 10 ikafika pa mutu wa asidi ndi alikali, Madamu amalemba pandandanda wa maphunzilo, pamalo a dzina la mphunzitsi: A NyaMtonga.