Zitsa za nsangu zomwe ndinawotcha

Ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi ana atatu, pa sukulu ya kwacha ya m'tchalitchi kwathu ku Chapananga. Chinthu choyamba chomwe ndinawerenga ndekha mpaka kumapeto chinali kapepala ka ulimi wa thonje. Kankati munda ukhale woyera, mizere yowongoka. Ndinakakhulupirira ndi mtima wonse.

Munda womwe ndikunenawu sunali wanga. Unali wa achemwali anga aakulu, omwe amuna awo anali atamwalira, ndipo ine ndinkawalimira ndi ng'ombe zanga. M'mundamo munali mitengo ya nsangu isanu ndi iwiri. Nsangu imayoyola masamba mvula ikagwa, nkumabiriwira chilimwe. Pansi pake mapira ankatalika kuposa munthu, popanda feteleza.

"Pulawo ikukodwa m'mizu," ndinawauza. "Tidule."

"Achimwene, sukulu ya miyezi itatu yomweyi mwayamba kale kuweruza mitengo?"

"Zinalembedwa."

"Wolembayo anadyapo mapira a pano?"

Anakana. Ndinadikira atapita kumaliro ku Makhanga, komwe madzi anawatsekera masabata awiri, ndipo ndinadula yonse. Ndikanangodula, bwenzi zili bwino. Koma pofuna kuti pulawo izidutsa, ndinaunjika ndowe zouma pa chitsa chilichonse nkuyatsa. Moto wa ndowe suyaka malawi. Umanyeka pang'onopang'ono masiku angapo, kutsata mizu mpaka pansi. Achemwali atabwera anaima m'mbali mwa munda nkundithokoza m'Chisena cha malemu amuna awo: "Takhuta." Za mitengoyo sanatchulenso.

Thonje linachita bwino zaka zochepa. Kenako nthaka inauma gwa, mvula ikagwa madzi ankangoyenderera, udzu wa kaufiti unadzaza munda wonse. Achemwali, omwe kale ankagawira ena mapira, anayamba kudya kwa ine ngati mlendo. Chomwe ndikufuna ndi chimodzi: adyeko mapira a m'munda mwawo asanamwalire.

Zaka zapitazi kunabwera alangizi, mayi wapanjinga yamoto, kudzatiphunzitsa kubwezeretsa nthaka: manyowa, kuphimbira ndi mapesi, ndi kusamala zitsa. Anati chitsa sichifa. Mukasiya mphukira ziwiri nkumazitengulira, posachedwa ndi mtengo. Poti ndimadziwa kulemba, anthu anandisankha kukhala mlimi wachitsanzo. Anzanga anapeza zitsa m'minda mwawo, ndipo lero nsangu zawo zadutsa denga la nyumba. Alangizi atafika m'munda wa achemwali anazungulira konse, kufukula ndi phazi.

"Agogo, muno munalibe mitengo?"

"Inatha," ndinatero.

Achemwali anali pomwepo, atatsamira ndodo. Sanandiulule.

Ndiye ine ndikuyambira pa njere. Koma kwathu kuno anthu akakolola amamasula mbuzi ndi ng'ombe kuti zizidya paliponse. Zanganso zimadya m'minda ya anzanga, ndiye ndingaletse ndani? Mapesi omwe ndaphimbira satha sabata. Timitengo ndimatitchinga ndi minga, koma mbuzi imalowetsabe mlomo. Pa tonse tomwe ndinabzala tatsala tiwiri. Chilimwe chonse ndimakhala m'mundamo ndi ndodo, dzuwa lili paliwombo, mthunzi palibe. Mwana wanga wa ku Nchalo amandiitana kuti ndikapume kwake. Ndikachoka masiku atatu ndidzapeza minga yokha.

Mwezi watha achemwali anati ndiwatengere kumundako. Maso awo anafooka, ndinachita kuwagwira dzanja. Anawerama nkupapasa kamtengo kamodzi, kolekeza m'bondo.

"Kameneka kadzayamba liti kudyetsa nthaka?"

"Mwina zaka zisanu. Mwina khumi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mudzadya nokha, achimwene."

Mawu opepesa anali pakamwa. Ndisanawatulutse, iwo anati dzuwa lawapweteka, ndiwaperekeze. Tinayenda mpaka panjira yaikulu, ine maso ali kumbuyo. Mbuzi za kumtunda zinali zikutsika, zambiri, kulunjika kumunda. Kunyumba kunali kudakali kutali.

"Bwanji mwaima?" anafunsa.

"Mbuzi."

Anachotsa dzanja lawo m'dzanja langa. "Pitani. Njirayi ndimaidziwa."

Ndinawasiya akupapasa ndi ndodo, ndipo ndinathamangira kumunda monga momwe miyendo yokalambayi ingathere.