Pepala lomwe silinafike

Monire mose. Lero Lachitatu, nditaweruka kusukulu, ndinapita kukoleji kwa achemwali anga, a Tiwonge, kukatenga kiyi wa kunyumba. Ndinawapeza akadali m'kalasi, ndiye ndinangokhala pakhonde pafupi ndi windo.

Aphunzitsi awo a zamalamulo anali atawapatsa mlandu wakale kuti awerenge. Sunali wa apolisi ayi, unali wa anthu awiri olimbirana puloti. Khoti linapereka puloti kwa wodandaula, kenako khoti lalikulu linafafaniza chigamulocho. Aphunzitsi anafunsa chifukwa chake.

Mukuwadziwa a Tiwonge, kutchalitchi amakana ngakhale kuwerenga vesi. Koma lero anaimirira.

Anati, "Samani, pepala lomuitanira kukhoti, sinafike kwa wodandaulidwayo. Anamuweruza iye asakudziwa n'komwe kuti kuli mlandu."

Aphunzitsi anati, "Nanga ngati puloti sinali yakedi?"

"Ngakhale zili choncho, bwana, amayenera kumumva kaye."

Aphunzitsi anaika choko pansi n'kuthokoza kuti, "Yewo chomene. Nonse lembani zimenezo." Ine pakhondepo misozi inalengeza, ndinanamizira fumbi.

A Malume, pepani, pamaso sindikanatha kunena. Lamlungu lija munagwirizana ndi amama kuti ine ndidzachite unamwino chifukwa ndine wamanyazi. Nthawi imeneyo ine ndinali panja, ndikutsuka mbale. Samani yanga sinafike.

Mawa ndikaweruka ndibwera kwanu ku Salisbury Lines kuti mundimve kaye. Mawu akandithawa, ndidzawerenga zomwe ndalemba. Enanu mukuti bwanji, ndalakwitsa?