Ulusi wabuluu m'thanki ya nkhono

Usiku wathawu ndinalota za nkhono zathu zija, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Amene simuli m'kalabu ya sayansi, ndiyambe ndakuuzani chiyambi chake. Ine ndi Yankho, mnzanga wa Fomu 3, tikuweta nkhono za mumtsinje, zija za zigoba ziwiri, m'mathanki awiri agalasi ku labu. Aphunzitsi athu a Kalua akuti kunja amagwiritsa ntchito oyisitala za m'nyanja ya mchere, koma zathuzi nazonso zimasefa madzi chimodzimodzi. M'thanki ina timathiramo fumbi la mabotolo apulasitiki, kuti tione ngati nkhono zimameza. Inayo ndi yofananizira, siyenera kukhudzana ndi pulasitiki ngakhale pang'ono.

Lachiwiri titayang'ana madzi pa maikulosikopu, tinapeza timaulusi tabuluu m'thanki yoyerayo. Ine sindinachedwe. Yankho amavala juzi yabuluu ya nayiloni tsiku ndi tsiku, komanso nkhope yake inagwa pamene a Kalua anasankha ine kukhala mtsogoleri wa gulu lathu. Ndinakamunenera kwa a Kalua kuti ndiye waipitsa thankiyo. Lero 10 koloko atiitana, akagamule ngati Yankho achotsedwe pagulu lopita ku chionetsero cha sayansi.

Ndiye m'malotomo tinali tikukonzanso mathanki, koma labu inali m'chigayo cha kumsika. Dzuwa lili phwee, azimayi ali pamzere ndi malichero awo, ife tikuthira mchenga pansi pa thanki ndi kuyala nkhono imodziimodzi. Ine diso langa lonse linali pa manja a Yankho. Akapisa m'thumba, ine khosi tolotolo. Akayandikira thanki yoyera, ine ndayima pakati. Iye akungolumikiza kapaipi ka mpweya, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunkandikwiyitsa. Munthu wosalakwa amafatsa choncho?

Kenako nkhono zinayamba kuyasama zonse pamodzi. Yaikulu imene timaitcha Bwana inatsokomola ngati munthu, n'kulavula ulusi wabuluu. Ulusiwo unatuluka m'madzi, kukwera galasi, kutsikira pansi. A Kalua anali atakhala pa sikelo ya chimanga atavala mkanjo wa oweruza milandu. Anangoti, "Tadala, tsatira ulusiwo. Kumene wathera ndi kwa mwini wake."

Ine ndinati eya, lero wagwidwa munthu. Ndinaugwira ulusi n'kuyamba kukulunga pachala. Unalunjika kwa Yankho ndithu, mtima wanga n'kumavina. Koma utafika pa juzi yake unangodutsa kukhwapa, osakola paliponse, n'kutulukira pakhomo. Ndinati ayi, pali chinyengo apa, wauduliratu ameneyu. Ndinamutembenuza, kufufuza m'mikono, m'khosi, juzi ili bwinobwino, yosasomoka. Iye anangondiyang'ana.

Ndiye ndinapitiriza. Ulusi unalowa m'kalasi mwathu, koma m'kalasimo munali modzaza madzi ofika m'mawondo, anzathu akulemba mayeso ngati palibe chachilendo. Aliyense ndinkamukayikira. Uyu ali ndi cholembera chabuluu, uyu wamanga tsitsi ndi ulusi, uyu bwanji wandiyang'ana kenako n'kuzolika? Ngakhale mlonda wa pageti ndinamufunsa kuti makiyi a labu amagona nawo kuti. Ulusi osaima pa aliyense. Chala changa chinatupa ngati chinangwa chifukwa cha kukulunga.

Kenako ndinangoona ndili pamsewu wopita kwathu. Apa ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa njirayo sindinaikonde. Ndinayesa kuukokera ulusi kunjira ya kwa Yankho, unakana. Nditacheuka ndinaona nkhono zonse zikunditsatira pamzere, zigoba zikuti khwa khwa khwa pamiyala, Bwana patsogolo. Kumbuyo kwake a Kalua, akukankha thanki pa wilibala.

Ulusi unalowa pampanda pathu, kuzungulira bafa, kukwera pathandala pamene timayanika mbale. Amayi anali pomwepo ndi mapoto akuda, akufunafuna chinachake pansi pa thandala. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Iwe Tadala, chisaka changa chotsukira mbale chija unapita nacho kusukulu, ubweza liti?"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Ulusi wonse ndinakulunga uja unali utasanduka chisaka chabuluu, chija tinadula ku thumba la feteleza, chonyowa, chili thovu lokhalokha. Nkhono zonse zinayasama n'kuloza kwa ine. A Kalua anatsegula kaundula, kunyowetsa chala, n'kuyamba kuitana dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe.

Ndinadzidzimuka, dzi! Kunja kutayera kale, amayi akukwecha poto ndi mchenga.

Tsono tamverani. Ndapita pachikwama changa cha kusukulu, ndapisa m'kathumba ka m'mbali. Chisaka chilimo, chouma gwa. Ndipo ndakumbuka. Tsiku lokonza mathanki ndinafika m'mawa ndekha. Thanki ya pulasitiki ndinangoitsukuluza, poti ikalandira zinyalala kale. Koma yoyerayo ndinati iyi iwale kuposa mbale ya alendo. Ndinaikwecha ndi chisakacho mpaka m'makona, kawiri konse, ndipo ndinadzitama nazo mumtima. Kwathu chinthu sichinayere ngati sichinaone chisaka. Zoti thumba la feteleza nalonso ndi pulasitiki, m'mutu mwangamu sizinadutsemo, ine mtsogoleri wa gulu.

Manyazi andigwira, ndisaname. Komabe mtima wina ukundiuza kuti maloto ndi maloto. Juzi ya Yankho nayonso ndi yabuluu, si choncho? Ndipo ndani akudziwa ngati si iyeyo wanditumizira malotowa, poti agogo ake amatchuka ndi zitsamba? Ndikangokhala chete palibe angadziwe, ine ndipita ku chionetsero, iye atsala. Ndikatulutsa chisakachi pamaso pa a Kalua, utsogoleri wathera pomwepo, mwinanso wotsalayo akhala ine.

Inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzeni tanthauzo lake, koma fulumirani chifukwa 10 koloko sikuchedwa. Yankho wanditumizira kale uthenga kuti wadzera ku labu, wadyetsa nkhono zonse, ndipo juzi waisiya kunyumba kuti ndisadandaule.