Mtanda wa ku Holande ndinakaupereka ndi manja anga

A Fabiano Mbewe, alamu anga, tcheyamani wa tchalitchi chathu kuno ku Mwadzama, ndi amene anandituma. Ndayamba ndi dzina lawo chifukwa m'mudzi muno anthu akutchula langa.

Mtandawo aliyense kwathu amaudziwa. Anausiya ansembe a ku Holande, omwe anabatiza mayi anga. Si wamtengo ayi. Ndi wadothi lowotcha, wonyezimira ngati kapu ya tiyi yakusitolo, kutalika ngati mkono wangawu. Mtandawo wabuluu, Ambuye oyera, nthiti zonse kuoneka, bala lofiira. Kumapazi kokha kunasiya kunyezimira, poti amayi amapsompsona pamenepo Lachisanu Loyera chaka ndi chaka. Dzanja lamanzere linali ndi kamng'alu. Alamu anati ku Dwangwa kuli mmisiri wodziwa kumata zadothi, a Bonifasi, ndipo komiti yasankha ine chifukwa mowa sindimwa. Anandipatsa ya thiransipoti ndi kalata ya m'Chizungu yomatidwa mu envulopu. Ndinanyada, ndisaname.

Ndinanyamuka Lachiwiri mmamawa, mtanda nditaukulunga m'zitenje ziwiri za mkazi wanga. Njinga yamoto ndinaikana, ndinakwera kabaza wakapalasa, pamchenga paliponse ndikutsika n'kuyenda pansi. Pa Benga ndinafika cha m'ma 7.

Minibasi ya ku boma anati faifi sauzande. Kondakitala anangoloza phukusi langa.

"Katunduyo kumbuyo, madala."

Kumbuyoko kunali madengu a usipa ndi chigubu cha petulo.

"Ameneyu sakhala kumbuyo," ndinatero.

"Ndiye alipira mpando?"

"Akhala pamiyendo."

Mayi wina pambali panga anandiyang'ana mwachisoni, akuti mwana wadwala chiyani. Ndinatsegula pang'ono, anaona timapazi toyera, anachita chizindikiro cha mtanda n'kuchotsa thumba lake la tomato pabondo langa. Pa Chia anthu anagula chambo, dalaivala n'kumangirira pagalasi kunja. Ine sindinasunthe.

Pa boma cha m'ma 10 ndinadya chinangwa chokazinga ndi dzanja limodzi, linalo lili pa Ambuye. Ya ku Dwangwa anati seveni sauzande. Ndinakhala ndi bambo wina wachikulire wa kofia, a Sudi, ogulitsa mpunga. Atandifunsa ndinawaonetsa nkhope.

"Isa mwana wa Mariamu," anatero. "Ife timamulemekeza, koma sitimuumba. Ameneyu anaumba ndi munthu wa manja abwino."

Ine apo ndinayamba kudzitama. Ndinati ife kwathu zinthu za Mulungu timasamala, taonani zaka zonsezi osasweka. A Sudi anangogwedeza mutu. Titawoloka Bua galimoto inayamba kudumpha, ndipo pabampu paliponse iwo ankaika chikhatho chawo pansi pa dzanja long'alukalo.

Anaona envulopu m'thumba la malaya anga.

"Kalatayo anakuwerengerani?"

"Ndi ya atcheyamani, si yanga."

"Ine ndakalamba pamalonda, achimwene. Katundu wa munthu sindinyamula ndisanamve zimene walemba. Chizungu ndimachimva pang'ono. Tingamatule bwinobwino."

Ndinakwiya. Ndinaganiza akundiseka kuti ndinalekezera Sitandade 4. Ndinawayankha kuti za mpingo wathu siziwakhudza. Munthu woti wandigwirira Ambuye njira yonse. Anabweza dzanja lawo, mpaka ku Dwangwa sitinalankhulenso.

Tinalowa m'minda ya nzimbe cha m'ma 1, mathirakitala akutiwaza fumbi. Kwa a Bonifasi ndi kuseri kwa msika. M'nyumbamo munalibe guluu, munalibe dothi, munalibe chida chilichonse. Munali zigoba za gule, mipando yakalekale, nyale zamafuta, belu lina lalikulu pakona. Ndinaona zonsezo ndi maso angawa koma mutu sunagwire.

Anandilandira ngati mfumu. Mpunga wa nyama ya ng'ombe, chakumwa chozizira. Ndinadya, ndinamaliza mbale. Anawerenga kalata, anamwetulira, kenako anatulutsa foni akuti ndifotokoze mbiri ya mtandawo kuti aumate moudziwa. Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse: za ansembe aja, za mayi anga, za amayi opsompsona mapazi. Ndinanenanso kuti ndabwera nawo ndekha m'malo mwa mpingo wonse. Ndinamasula zitenje ndekha. Ndinaupereka ndi manja awiri. Anakalowa nawo kuchipinda n'kukhoma.

"Ndibwere liti kudzatenga?"

"Kudzatenga chiyani, bambo?"

Anandiwerengera kalata ija m'Chichewa, pang'onopang'ono ngati akuuza mwana. Mpingo wagulitsa mtanda wakale, wobweretsayo ndiye mboni. Akuti ndi alamu anga anamalizana kale sabata yatha, ndipo kutha kwa mwezi ukupita ku Lilongwe kumene azungu amagula zoterezi.

Ndinakalipa, ndinamenya chitseko. Anthu amumsika anadzadza pakhomo. A Bonifasi sanakweze mawu, anangoyatsa foni ija. Ndinadzimva ndekha ndikunena kuti ndabwera nawo m'malo mwa mpingo wonse. Mayi wina ogulitsa makala anati, "Nanga si mwanena nokha, bambo?" Mafuta a nyama yawo anali akadali kukamwa kwanga. Ndinatola zitenje n'kutuluka.

Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo, kwa usipa komweko. Ndinkaopa kukumananso ndi a Sudi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kusadziwa Chizungu si kumene kunandipusitsa. Kunali kukana kuti wina adziwe kuti sindichidziwa.

Akomiti ndawafunsa mmodzimmodzi, palibe anakhalapo pamsonkhano wogulitsa mtanda. Lamulungu pakhoma panali msomali wokha. A Nabanda, amene amapukuta mtandawo kuyambira ndili mwana, anandigwira mkono pakhomo.

"Ambuye abwera liti, mwanawe?"

Ndinayang'ana pansi. Alamu anali pomwepo, atavala jekete, akuuza anthu kuti iwo anandituma kokamatitsa, zinazo andifunse ineyo.

A Fabiano, mwezi sunathe. Mchemwali wanga, mkazi wanuyo, ndamuuza kuti pakhomo panu sindipondanso mpaka muchite izi. Mukwere minibasi nokha, mukabweze zimene munalandira, mukautenge. Muunyamule pamiyendo, osati kumbuyo. Mukafika muupachike nokha pamsomali paja anthu onse akuona, ndiye mutembenuke, muwerenge kalata ija mokweza, m'Chichewa, a Nabanda atakhala kutsogolo.