Atelala ndi Diso la Kambalame

Atelala a khomo lachiwiri sataya kansalu. Zotsala posoka amapangira timbalame ndi tinsomba tokongoletsa zipinda za ana, maso ake osoka ndi ulusi wakuda. Kupachika salola wina. Amabwera okha ndi hamala, n'kugwada pansi ngakhale mawondo akukana, kuti aone pamene dzanja la mwana lingafike. Msomali amakhoma pamwamba pa pamenepo, kutali ndi bedi, chingwe chachifupi, kenako amachikoka ngati chawalakwira.

"Mwana amaona ndi pakamwa," amatero.

Tsiku lina mayi wachitsikana woyandikana nawo, khanda lake lili pambali, anawaonetsa kambalame kosoka yekha, maso a mabatani ali waliwali. Ankadikira kuyamikiridwa. Atelala anakatembenuza uku ndi uku, n'kukaluma kumutu. Batani linathothoka, iwo n'kulilavulira m'dzanja.

"Mapikowa wandiposa, mwanawe. Koma taona, ine wa mano ogwedera ndalizula. Nanga uyu amene usinini ukumuyabwa?"

Mayiyo anacheukira khanda lake, limene linali kalikiliki kutafuna ngodya ya bulangete. Anazula yekha batani linalo, n'kupempha ulusi wakuda.