Magolovesi a amalume

Anali achikasu, amphira, ofika m'zigongono, ndipo ankanunkha ngati chubu chatsopano cha njinga. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umandiwawa.

Amalume ankaweta ng'ombe za munthu wina wa sitolo ku Ngara, ndipo ndi ntchito imeneyo inkatidyetsa ine ndi amayi. Chaka chimenecho, mpunga utangokololedwa, ng'ombe zinayamba kupoloza. Thole linkatuluka lakufa, zotsalira n'kukanirira m'mimba, amalume n'kupisa dzanja mpaka m'phewa kuti azichotse. Akatha ankapukutira pa udzu n'kukadya.

Kenako kunabwera mlangizi wa ziweto, mnyamata wa ku Dedza wa njinga yakuda. Anati nthendayi imalowa mwa munthu kudzera m'timabala ta m'manja. Anatulutsa magolovesi aja, nati, "Bambo, muzivala mukamagwira zimenezi. Ndi katundu wa boma, muwasamale."

Pa mawu onsewo amalume anatolapo omalizawo basi. "Ndagha, bwana," anathokoza m'chinenero chakwathu, atawalandira ndi manja awiri.

Musaiwale kuti zinali zaka ziti. Munthu ankabwezedwa pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani. Ndiye iwo atenge katundu wa boma akamulowetse kumbuyo kwa ng'ombe? Anyamata a chipani akamva? "Ine ndili ndi ana," ankatero amalume, amene analibe mwana ngakhale mmodzi. Anapitiriza kupisa dzanja losavala, magolovesi ali m'sutikesi pamodzi ndi Baibulo.

Koma chinthu chokongola sichikhalitsa m'sutikesi. Chilimwe kwathu ndi nyengo ya mapenenga, gule wa amuna ovala zoyera ngati asilikali, wokhala ndi maudindo ake. Amalume anali atavina pa mzere wakumbuyo zaka zambiri, popeza miyendo yawo inali ya matewe. Tsiku lomwe anafika pokonzekera atavala magolovesi achikasu aja mpaka m'zigongono, gulu linawakweza kukhala dokotala. Ntchito ya dokotala inali kuyenda kutsogolo n'kumayendera zikhadabo za anzake. Munthu amene m'mawa womwewo dzanja lake linali m'mimba mwa ng'ombe.

Ntchito yanga inali kutsuka magolovesiwo ndi sopo, kuwayanika pa mthunzi, n'kuwathira ufa m'kati kuti asamatane. Ndinkayenda monyada ngati mwana wa nduna. Ndinali chitsiru, koma ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Akuluakuluwo chowiringula chawo chinali chiyani?

Mlangizi anabweranso kudzayendera. Ataona magolovesi ali bwinobwino, opanda banga, anawayamikira amalume pamaso pa abusa ena. "Anzanuwa ang'amba kale awo. Tengerani chitsanzo." Anazindikira zoona patapita milungu iwiri, pa msonkhano wa chipani ku Chilumba, amalume akudutsa kutsogolo kwa alendo manja achikasu ali m'mwamba, malipenga a zikho akulira. Ndinamuona mlangiziyo atayasama. Kenako anaomba m'manja, pakuti pa msonkhano wotero aliyense ankaomba.

Mvula isanagwe amalume anayamba kutentha thupi. Madzulo ankanjenjemera, thukuta n'kunyowetsa mphasa, m'mawa n'kudzuka bwinobwino. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a malungo katatu konse. Msana unauma, mawondo anatupa, mpaka kukhola ankapita chogwirira mpanda. Mlangizi anadzawaona, nalemba kakalata kopita nako kuchipatala chachikulu. Anafunsa chifukwa chake sankavala magolovesi aja kukhola.

"Bwana, munati ndisamale," anayankha amalume ali chigonere. "Onani nokha, alibe ndi kachibowo komwe."

Mwini ng'ombe anatumiza mawu oti ngati khola lilibe munthu pofika Lolemba, apeza wina. Lolembalo amayi anapinda yunifolomu yanga ya sukulu n'kuiika m'sutikesi, pamalo pomwe pankakhala magolovesi, n'kundipatsa ndodo ya amalume. "Ndi masiku ochepa chabe," anatero. "Ndipo iwe uzivala."

Ndinawavala pomwepo. Anandifika m'khwapa. Ndinadutsitsa ng'ombe dala kuseri kwa sukulu kuti anzanga aone, ndikuguba ngati dokotala, ndipo kalasi yonse inathamangira pa windo kudzaseka. Aphunzitsi okha ndi amene sanaseke. Anaima pakhomo choko chili m'manja, n'kundiyang'ana mpaka ndinakhota.

Ine ndinkayesa akusirira magolovesi.